Dokotala Sheppard sanatinamize, ndife amene sitinamufunse

Buku limodzi lomwelo lofufuza mlandu, la Agatha Christie, la chikuto chofewa chong'ambika pakona, ndinabwereketsa anthu awiri motsatizana. Achimwene anga analibweza patangotha masiku atatu. Sanandipatsire m'manja, anangoliponya pampando. "Iwe, mayi analemba bukuli ndi wakuba," anatero. "Wandibera tulo ta masiku atatu, mapeto ake n'kundiyenda njomba." Mnzanga wina wa kuntchito anakhala nalo masabata atatu. Nditamufunsa ngati lamukanika, anandiuza kuti atafika tsamba lomaliza sanadzuke n'komwe pamene anakhala. Anatembenuza buku n'kuyambiranso mutu woyamba, ulendo uno ali ndi pensulo m'manja. Pamene linabwerera kwa ine, m'mphepete mwa masamba munali timizere ndi timitanda tambirimbiri, paliponse pamene anapeza kuti choonadi chinali poyera koma iye anachilumpha.

Anthu awiriwa onse ndi owerenga enieni, ndipo palibe amene sanamve Chingerezi cha m'bukumo. Anawerenga mawu amodzimodzi, wina n'kupsa mtima, wina n'kugoma. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufuna kudziwa kuti wolondola ndani, chifukwa sindivomereza zoti pa nkhani ya mabuku aliyense amangokhala ndi maganizo ake basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mkangano uwu uli ndi yankho, ndipo ine ndili kumbali ya mnzanga wa pensulo uja, ngakhale kuti pali mfundo zina zimene achimwene akunena zoona.

Buku lake ndi The Murder of Roger Ackroyd la Agatha Christie, limene linatuluka ku Britain mu 1926. Ndichenjezeretu kuti ndiulula wakupha, popeza mkanganowu sungakambike popanda kutero. Amene simunaliwerenge ndipo mukufuna kudzagwa m'mbuna yake nokha, imani pompano, mudzabwere mukalimaliza.

Nkhaniyi imachitikira m'mudzi wopeka wa King's Abbot ku England. Mayi wina wamasiye, Mayi Ferrars, wadzipha. Iye anali atapha mwamuna wake ndi poizoni, ndipo munthu wina amene ankadziwa chinsinsicho ankamukama ndalama pomuopseza kuti aulula. Asanafe analembera kalata Roger Ackroyd, mpondamatiki wa m'mudzimo amene ankafuna kumukwatira, ndipo m'kalatamo anatchula dzina la womuopsezayo. Usiku umene kalata inafika, Ackroyd anapezeka atabayidwa ndi mpeni m'chipinda chake chowerengeramo, chitseko chili chokhoma. Hercule Poirot, wofufuza milandu wa ku Belgium amene anali atapuma ntchito n'kumadzilimira dimba m'mudzimo, anapemphedwa kuti alowererepo. Amene amatifotokozera zonsezi ndi Dokotala James Sheppard, sing'anga wa m'mudzi, woyandikana nyumba ndi Poirot, mnzake wa malemuyo, munthu wofatsa amene amakhala ndi mlongo wake Caroline. Iye ndi amene amayenda ndi Poirot paliponse, kumumvetsera, kumuthandiza, kulemba zochitika. Kumapeto kwa buku Poirot amamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti womuopseza Mayi Ferrars ndi iyeyo, wakupha Ackroyd ndi iye yemweyo.

Dandaulo la achimwene si lachibwana, ndipo ndikufuna ndilinene mwa mphamvu yake yonse. Iwo amati wofotokoza nkhani ndiye maso a wowerenga. Suungathe kuona chilichonse m'buku kupatula chimene iye wakuonetsa, ndiye ukamukayikira iyeyo watsala ndi chiyani? Munthu akakuuza kuti tiye ndikuperekeze, sumuyang'ana m'manja. Pamwamba pa izo, mabuku a mtundu umenewu anali atatizoloweretsa kale kuti wofufuza wanzeru amakhala ndi mnzake wosachedwa kudabwa amene amatilembera nkhani. Sherlock Holmes anali ndi Watson, yemwenso anali dokotala. Poirot mwiniwake anali ndi Hastings, amene m'buku lino tikumva kuti anasamukira ku Argentina. Sheppard amangobwera n'kukhala pampando wa Hastings, ife n'kumupatsa chikhulupiriro chonse chimene tinkapatsa mwini mpando. Christie ankadziwa bwino lomwe kuti tichita zimenezo. Anadalira chizolowezi chathu n'kutikola nacho. Achimwene amati kumeneko si kupambana masewera koma kusintha malamulo mpira uli mkati.

Sali okha. Mu 1928 mlembi wa ku America wotchedwa S. S. Van Dine anasindikiza malamulo 20 a kalembedwe ka nkhani zofufuza milandu. Chaka chotsatira, mu 1929, wansembe wa Katolika wa ku England, Ronald Knox, yemwenso ankalemba nkhani zotere, anatulutsa ake 10. Lamulo loyamba la Knox limati wolakwa atchulidwe koyambirira kwa nkhani, koma asakhale munthu amene wowerenga waloledwa kutsatira maganizo ake. Lina limati mnzake wa wofufuza uja asabise ganizo lililonse limene ladutsa m'mutu mwake. Ukawerenga malamulo awiriwa umachita kuona nkhope ya Sheppard. Komatu tiyang'ane zaka. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Apa nkhanga zinapangana tchire litapsa kale. Buku ndi la 1926, malamulo ndi a 1928 ndi 1929. Christie sanaswe pangano limene anasainira. Ndipo pamene alembi a nkhani zimenezi anakhazikitsa gulu lawo la Detection Club ku London cha mu 1930, gulu limene mamembala ake ankalumbira kuti sadzabera owerenga, Knox ndi Christie onse anali momwemo. Dorothy L. Sayers, mmodzi wa akuluakulu a gululo, anaikira kumbuyo bukuli ponena kuti ntchito ya wowerenga ndi kukayikira aliyense.

Koma zaka ndi mayina sizingathetse mlandu. Chimene chingauthetse ndi tsamba lenilenilo, choncho tiyeni tilitsegule.

M'mutu wachinayi, Sheppard wadya chakudya chamadzulo kunyumba kwa Ackroyd ndipo awiriwa ali okha m'chipinda chowerengeramo. Wantchito wa m'nyumba akubweretsa makalata. Sheppard akutiuza nthawi: inali 8:40. Akumukakamiza Ackroyd kuti awerenge kalata ija mpaka pamene pali dzina, Ackroyd akukana, akuti awerenga ali yekha. Chiganizo chotsatira chikutiuza kuti pamene Sheppard ankatuluka inali 8:50, kalata isanawerengedwebe. Kenako akuti anaima kaye dzanja lili pachitseko, n'kucheuka, akudzifunsa ngati pali chimene waiwala kuchita. Sanapeze chilichonse, ndipo anatuluka n'kutseka chitseko.

Ulendo woyamba, ine ndinawerenga mawu amenewo ngati a dokotala wachifundo amene akudandaula kuti akusiya mnzake ali ndi nkhawa. Ulendo wachiwiri thupi linachita tsemwe. Munthu waima pachitseko, akuyang'ana mtembo umene wangoubaya kumene, akuonetsetsa kuti sanasiye chomugwiritsa. Mawu ndi omwewo, palibe chilembo chasintha. Pakati pa 8:40 ndi 8:50 pali mphindi khumi zimene sanazifotokoze, koma sanazibisenso, popeza nthawi zonse ziwiri anatiwerengera yekha. Akanafuna kunama akanatiuza kuti anatsanzikana, Ackroyd n'kumugwira chanza. Sanatero. Anangokhala chete, ife n'kudzaza mpatawo tokha ndi zimene tinkafuna kukhulupirira.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa ine. Kubisa ndi kunama ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo buku lofufuza mlandu limakhalira moyo pa kusiyana kumeneko. Mlembi aliyense wa nkhani zotere amabisa. Akapanda kubisa, buku latha pa tsamba lachitatu. Chimene saloledwa ndi kundiuza monga choonadi chinthu chimene sichinachitike. Mnzanga wa pensulo uja anasakasaka bodza lotero ndipo anabwera ndi zosiyana nalo: umboni wotayidwa poyera. Sheppard anatuluka m'nyumba 8:50 koma anafika pageti 9:00, pa mtunda woyenda mphindi zisanu. Mpando waukulu wa m'chipindamo unapezeka utakokedwa kuchoka pamalo pake, ndipo kenako wina anaubwezera mwakachetechete. Anthu anamva mawu a Ackroyd nthawi ya 9:30 ndipo aliyense anatsimikiza kuti anali moyo, chonsecho tinali titauzidwa kuti wogulitsa makina ojambula mawu anabwerapo panyumbapo masiku apitawo. Tinauzidwanso kuti dokotala wathuyu ali ndi kachipinda kake kumene amakonda kumasula ndi kukonza timakina. Telefoni imene inamuitana usiku kuti Ackroyd waphedwa, amene anamva zonenedwa mmenemo ndi iye yekha. Mlongo wake anangomva kulira kwa telefoni ndi zimene dokotala ankayankha. Chilichonse mwa zimenezi chili pa tsamba lake, ndipo Poirot sanagwiritse ntchito kanthu kamene ife sitinapatsidwe.

Pali mfundo inanso imene odandaula ambiri amaiphonya. Zimene tikuwerengazi si maganizo a Sheppard amene tikuwasuzumira m'mutu mwake. Ndi zolemba zake, zimene wakhala pansi n'kuzikonza, ndipo m'kati mwa nkhani amazipereka kwa Poirot kuti awerenge. M'mutu womaliza amaulula kuti cholinga chake chinali kudzazisindikiza monga mbiri ya mlandu umene unamugonjetsa Poirot. Ndiye kuti chinyengo chili m'bukumo ndi cha chigawenga polimbana ndi wofufuza, ndipo ife tangopezeka titaima pambali pa wofufuzayo. Ngakhale malamulo a Van Dine amalola chinyengo cha mtundu umenewo. Poirot atawerenga zolembazo anaona chimene ife sitinaone: dokotala walemba za aliyense, koma za iye mwini walemba zochepa kwambiri.

Tsono apa ndiwapatse achimwene zawo. Nkhani ya makina ojambula mawu ija ndi yolemera kuisenza. Kuti chiwembu chitheke, pafunika kuti dokotala akhale atakonzeratu makina oti alankhule okha pa nthawi yake, awanyamule m'chikwama, akhale ndi nsapato za munthu wina zodindira mapazi pawindo, apanganenso ndi wodwala wake wina kuti adzamuimbire telefoni kuchokera pasiteshoni ya sitima, zonsezi m'tsiku limodzi. Munthu amene mtima uli m'mwamba sachita zinthu mwadongosolo chotero. Wowerenga akanena kuti izi sizingachitike m'moyo weniweni, sindingamutsutse. Chachiwiri, ndipo ichi chimandipweteka kwambiri, ndi mathero. Poirot amamupatsa Sheppard mpata woti adziphe m'malo mokaonekera kukhoti, kuti Caroline asachite manyazi. Buku limachitenga chimenechi ngati chifundo. Ine sindichiona choncho. Munthu amene anakama mayi wamasiye mpaka kumufikitsa podzipha, n'kupha mnzake, n'kulola mnyamata wosalakwa Ralph Paton, mwana wopeza wa Ackroyd, kukhala m'kamwa mwa apolisi, akusankha yekha kafedwe kake, ndipo mudzi sudzamva zonse. Amene amatsika nalo bukuli pa chifukwa chimenechi ndimawamvetsa kuposa amene amati anaberedwa.

Palinso gulu lachitatu la owerenga, amene mkangano wonsewu amauona ngati kutaya nthawi. Mu 1945 katswiri wounika mabuku wa ku America, Edmund Wilson, analemba nkhani m'magazini ya The New Yorker imene mutu wake unkafunsa kuti ndani ali nazo ntchito zoti anapha Roger Ackroyd ndani. Iye ankaona kuwerenga mabuku otere ngati chizolowezi chopanda phindu, chonga kusuta fodya. Chaka cha 1944 Raymond Chandler, yemwe ankalemba nkhani za umbanda za m'misewu ya Los Angeles, anali atadzudzula kale nkhani za mtundu wa ku England kuti anthu ake si anthu enieni, ndi zidole zosunthidwa kuti chinsinsi chiyende bwino.

Pa mabuku ambiri a nthawi imeneyo, awiriwa ananena zoona. Pa ili anaphonya. Dzifunseni chifukwa chimene simunamukayikire Sheppard. Si chifukwa chongoti ndiye wofotokoza. Ndi dokotala. Amalowa m'nyumba iliyonse, amadziwa matenda a aliyense, amalankhula modekha, amatopa ndi miseche ya mlongo wake ngati mmene munthu wanzeru aliyense angatopere. Tinakayikira wantchito wa m'nyumba chifukwa ankamvetsera pachitseko. Tinakayikira mtsikana wantchito amene anachotsedwa tsiku lomwelo. Tinakayikira mlendo wosadziwika amene anafunsa njira pageti, ndiponso mwana wopeza amene anali ndi ngongole. Onsewa tinawaloza chala msanga chifukwa ndi anthu amene dziko limawaloza chala kale. Poirot anawasonkhanitsa ena a m'nyumbamo patebulo n'kuwauza kuti aliyense wa iwo akubisa kanthu, ndipo zinalidi choncho, ngakhale kwa antchito amene sanali patebulopo: Flora, mwana wa mchimwene wake wa malemuyo, anaba mapaundi 40 n'kunama kuti analankhula ndi malemuyo usikuwo, mtsikana wantchito uja anali atakwatiwa mobisa ndi Ralph Paton, mayi woyang'anira nyumba anali ndi mwana wamwamuna amene ankamubisa. Dokotala anali patebulo lomwelo pamene mawuwo ankanenedwa, ndipo ife sitinamuwerengere. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Buku limene lingakuonetse kuti umakhulupirira munthu chifukwa cha udindo wake ndi kafatsidwe kake, ndipo likuonetse pokugwetsa iwe mwini osati pokulalikira, silingatchedwe chidole.

Ndikuganiza kuti mkwiyo wa owerenga ambiri umachokera pamenepa, ngakhale sautchula choncho. Kupusitsidwa ndi mdani n'kopiririka. Apa tinapusitsidwa ndi munthu amene tinamukonda, amene tinaseka naye pamene ankadandaula za Caroline, amene tinakhala naye masamba oposa 200. Zimawawa, ndipo ululu umenewo ndi weniweni. Koma ululu si umboni woti mlembi analakwa. Anthu a ku King's Abbot nawonso akanamva chimodzimodzi akanadziwa za dokotala wawo.

Ndimaona zimenezi kawirikawiri anthu akamapereka nyenyezi ku mabuku otere posonyeza mmene awakondera. Wina apereka imodzi, wina zisanu, ndipo ukawerenga zifukwa zawo upeza kuti akufotokoza chinthu chimodzimodzi: sindinaganizeko n'komwe kuti angakhale iyeyo. Wa nyenyezi imodzi anabwera kudzapikisana ndi mlembi ndipo akuona kuti sanapatsidwe mwayi. Wa nyenyezi zisanu anabwera kudzadabwitsidwa ndipo wakhuta. Onse awiri akunena za mmene anamvera usiku womaliza, ndipo zimenezo sizikwanira kuweruzira buku. Muyeso umene ndimaukhulupirira ndi wa kuwerenga kachiwiri. Mabuku ambiri a masiku ano amakonda wofotokoza wosadalirika, ndipo ena mwa iwo ukawabwereza amagwa ngati nyumba yomangidwa pamchenga: umapeza munthu ali yekhayekha m'chipinda akudabwa ndi imfa imene anaichita yekha, akulira misozi yopanda woonera, kungofuna kuti wowerenga asochere. Kumeneko ndiye kuba, ndipo achimwene akanaponya buku lotero pampando ndikanawathandiza kulitaya kunja. Buku lachilungamo ukalibwereza limalimba kuposa poyamba. Mu 2011 akatswiri awiri a pa University of California ku San Diego, Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, anapeza kuti anthu amene anauzidwiratu mathero a nkhani zifupizifupi, kuphatikizapo zofufuza milandu, anasangalala nazo mofanana kapena kuposa amene sanauzidwe. Sindidabwa nazo. Ukadziwa kumene nkhani ikupita, maso amamasuka kuona luso la mmene ikupitira.

Bukuli lapirira kubwerezedwa mpaka kufika poti mu 1998 mphunzitsi wa ku France, Pierre Bayard, analemba buku lathunthu lotsutsa Poirot. Iye anati umboni womwewo ukhoza kuloza kwa Caroline, ndipo dokotala anangosenza mlandu kuti ateteze mlongo wake. Ine sindigwirizana naye, chifukwa Caroline amene ndimamudziwa m'bukumo sangasunge chinsinsi kuyambira m'mawa mpaka masana, koma kuti munthu athe kumanga mlandu wachiwiri pa masamba omwewo zikusonyeza kuti masambawo ali ndi thupi. Mu 2013 bungwe la alembi a nkhani za umbanda ku Britain, Crime Writers' Association, linavota kuti ili ndilo buku lopambana onse a mtundu wake. Voti sithetsa mkangano wa owerenga, ndipo sindikuitchula kuti nditsekere achimwene pakamwa. Ndikungoona kuti amene anavota ndi anthu odziwa kuvuta kwa kubisa popanda kunama, popeza ndiyo ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Mwezi watha achimwene anabwera kunyumba, ndipo ndinawatsegulira mutu wachinayi uja, pamene mnzanga anajambula mzere wa pensulo pansi pa nthawi ziwiri zija. Anawerenga chala chili pamzere, anabwerera m'mwamba, anawerenganso. Anakhala chete kwa nthawi ndithu. "Chabwino, sananame," anatero. "Koma ndinamukhulupirira, iwe. Ndinamukhulupirira munthu ameneyu." Ndinawayankha kuti inenso ndinamukhulupirira, achimwene. Za makina ojambula mawu aja sanasinthe maganizo, ndipo za mathero tinagwirizana kuti Poirot analakwa. Pochoka anafunsa ngati pensuloyo ili pafupi, anaika buku m'thumba la jekete n'kupita nalo.